Symmetry energy siinayezedwe pa sikelo

Ndatopa nako kumva anthu, ena mwa iwo ophunzira bwino ndithu, akunena kuti akatswiri anayeza kale symmetry energy, ngati kuti ndi nambala imodzi imene inalembedwa m'buku nkhani n'kuthera pomwepo. Symmetry energy ndi mphamvu yowonjezera imene imafunika kuti manyutuloni achuluke kuposa mapulotoni (mitundu iwiri ya tinthu timene timapanga nyukiliyasi, phata la atomu), ndipo kukula kwake kumasintha malinga ndi mmene tinthu timeneti tathithikanira. Pa kuthithikana kumene kumapezeka m'kati mwa nyukiliyasi timagwirizana kuti ili pafupifupi 32 MeV (MeV ndi muyezo wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono totere). Pagona nkhani ndi pamene tinthuti tatayana kapena tapanikizana kwambiri, monga m'kati mwa nyenyezi za manyutuloni.

Taonani mmene ntchito yoifufuza imagwiridwira. Ku Michigan State University ku America, pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anawombanitsa manyukiliyasi a tin, Sn-112 ndi Sn-124, pa 50 MeV pa nyukiliyoni (pulotoni kapena nyutuloni) iliyonse. Onse awiri ali ndi mapulotoni 50, koma ina ili ndi manyutuloni 62 pamene inzake ili ndi 74. Akagundana cham'mbali, pakati pawo pamapangika khosi lopyapyala limene limakhalapo kwa pafupifupi 10⁻²² ya sekondi, ndipo manyutuloni amadutsa pakhosipo kuchoka kumene achuluka kupita kumene achepa, uku mapulotoni akulowera kwinako. Symmetry energy ikakhala yaikulu pamalo otayana oterowo, mbali ziwirizo zimafanana msanga zisanalekane. Palinso kuyenda kwina kumene ambiri amakuiwala: manyutuloni amakhamukira kukhosiko chifukwa n'kotayana, ngakhale manyukiliyasi ogundanawo atakhala a mtundu umodzi.

Kusakanikiranako timakuwerenga poyerekeza. Sn-124 ikagunda Sn-124 timalemba +1, Sn-112 ikagunda Sn-112 timalemba −1, ndipo 0 amatanthauza kuti mbali ziwirizo zafanana kotheratu. Zimene anapeza ku Michigan Sn-124 itagunda Sn-112 zinagwera pakati pa 0 ndi +1, kusonyeza kuti manyukiliyasiwo analekana asanamalize kugawana.

Komatu palibe makina amene amaona khosilo. Chimene chimafika pa zipangizo zathu ndi zidutswa zimene zazizira kale, zitataya manyutuloni ndi tinthu tina m'njira. Tili ngati mlenje amene wapeza mapazi okha, nyama itapita kalekale. Kuti tibwerere ku symmetry energy timadalira mapulogalamu a kompyuta oyerekezera kugundanako, ndipo timasinthasintha symmetry energy mpaka zotuluka zigwirizane ndi zimene zaoneka.

Pali nkhani imodzi imene imandisowetsabe mtendere. Ku malo ofufuzira a GSI, mumzinda wa Darmstadt ku Germany, gulu la ofufuza la FOPI linawerenga mapayoni, tinthu timene timabadwa manyukiliyasi akagundana mwamphamvu, otuluka golide akagunda golide, popeza mapayoniwo amatiuza za malo opanikizana kwambiri. Mu 2009 akatswiri ena anatenga manambalawo, nawaika m'pulogalamu yawo, n'kunena kuti symmetry energy imatsika kuthithikana kukakula. Mu 2010 anzawo anatenga manambala omwewo, ndi pulogalamu ina, n'kunena kuti imakwera kwambiri. Manambala sanasinthe, ndipo palibe amene ananama. Chinasiyana ndi mmene pulogalamu iliyonse imaonera kugundana kwa tinthuti ndi kubadwa kwa mapayoni. N'chifukwa chake panabadwa ntchito ya Transport Model Evaluation Project, yopatsa mapulogalamu osiyanasiyana funso limodzi kuti tione pamene akusemphana. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo siitchuka m'manyuzipepala, koma kuizengereza ndiko kumachititsa kuti zoyeza zabwino, monga za manyukiliyasi a nickel, Ni-58 ndi Ni-64, ku malo ofufuzira a GANIL mumzinda wa Caen ku France, zisatiuze zonse zimene zikanatha kutiuza.

Choncho chenjerani ndi akatswiri a pakamwa amene amatenga chotsatira chimodzi n'kuyamba kukufotokozerani za m'kati mwa nyenyezi ya manyutuloni mosakayika konse. Afunseni kuti agwiritsa ntchito pulogalamu iti, ndiponso ngati pulogalamu ina ikuvomereza. Afunseninso kuti akunena za kuthithikana kotani, popeza khosi la tin ndi lotayana kuposa nyukiliyasi wamba, pamene pakatikati pa nyenyeziyo m'pothithikana kuwirikiza kangapo. Amene wayeza pakhosi wayeza pakhosi basi, ndipo zapakati pa nyenyezi akungoziganizira.