Timiyala m'chikhodzodzo cha galu: amene ali pachiopsezo ndi agalu ati?

Mukaona galu akulimbana ndi kukodza koma n'kumangotuluka timadontho, mwina tamagazi, ganizirani za timiyala. Timapangika pamene michere ya mu mkodzo yaundana m'chikhodzodzo kapena mu impso.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Agalu ambiri olondera amatsekeredwa m'khola tsiku lonse, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mbale yamadzi itauma kalekale. Mkodzo wa galu wotere umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri. Komanso galu sakonda kukodza pamalo ogona, ndiye amangousunga mpaka mudzamutsekulire madzulo. Mkodzo ukachedwa chonchi, michere imapeza mpata woundana. Wodya chakudya chouma cha m'matumba chokhachokha ndiye amafuna madzi ochuluka.

Agalu aakazi amavutika kwambiri ndi timiyala ta mtundu wotchedwa struvite, tomwe kawirikawiri timabwera chifukwa cha mabakiteriya a m'chikhodzodzo, monga Staphylococcus ndi Proteus. Matendawo akapanda kuchizidwa bwino, timiyala timabwereranso. Aamuna, makamaka okulirapo ndi onenepa, amakonda kugwidwa ndi timiyala ta mtundu wina, wotchedwa calcium oxalate. Ngozi yawo ndi yaikulu, chifukwa njira ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo imadutsa pansi pa kafupa ka m'chida chawo. Kamwala kamatsakamira pomwepo.

Mtundu wa galu nawo uli ndi mbali. Tiagalu tating'ono ta m'nyumba monga Miniature Schnauzer, Shih Tzu, Bichon Frise ndi Yorkshire Terrier timadwala vuto la timiyala kawirikawiri. Dalmatian, wamawanga akuda uja, amabadwa ndi vuto lochititsa timiyala ta mtundu wotchedwa urate, choncho chiwindi ndi zam'kati zina si zomupatsa, ngakhale azikonde bwanji.

Muzisintha madzi tsiku lililonse, ndipo muzimutulutsa galu wanu kangapo patsiku kuti akakodze. Akasiyiratu kukodza, n'kumasanza kapena kufooka, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Musamupatse mankhwala a anthu ochepetsa ululu monga ibuprofen, amawononga impso za galu.

Dokotala amaunika ndi X-ray kapena sikani. Timiyala ta struvite timatha kusungunuka ndi chakudya chapadera ndi mankhwala opha mabakiteriya, koma ta calcium oxalate sitisungunuka, nthawi zambiri timachotsedwa ndi opaleshoni.