Mpeni osadulira kanthu, amausungiranji?

Ine ntchito yanga ndi yosula ndi kunola mipeni ndi zikwanje kuno ku Mangochi, ndiye funso ili limandipeza pafupipafupi, makamaka anyamata akaona pa foni munthu akuonetsa mipeni yodzadza kabati yonse koma palibe umene unadulako ngakhale anyezi. Amati ameneyo ndalama zamuchulukira. Komatu anthu otere tili nawo konkuno.

Mwezi wathawu kunabwera bambo ena ochokera ku Namwera atakulunga mpeni wa Okapi mukansalu. Ndikuti ndiyatse galayindala iwo nkundigwira mkono, akuti achimwene musanole, mungochotsa dzimbiri basi. Mpeniwo anabwera nawo ndi malemu bambo awo pochokera ku migodi ku Joni, ndipo pachitsulo pake mawu oti Germany akuonekabe. Okapi anayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, mu 1988 ntchito yopanga inasamukira ku South Africa, ndiye wakale ngati umenewu ukatha watha basi. Wozingira nkhuku ndi mbuzi ali nawo wina kunyumba, uwu akaugwira amakumbuka dzanja la bambo awo.

Chimene ambiri sachiganizira nchakuti kunola nkudya chitsulo. Nthawi iliyonse mpeni ukapita pamwala pamachoka kachitsulo pang'ono, pitani kugombe mukaone mipeni ya amayi otumbula chambo ndi kampango, ina yaonda mpaka yatsala ngati msomali chifukwa imanoledwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi bwino ndithu, yagwira ntchito yake. Koma amene akufuna mpeni ukhale mmene unatulukira mmanja mwa wopanga sangalole zimenezo. Nchifukwa chake kwa osonkhanitsa mipeni, wosanoledwapo womwe uli ndi bokosi lake ndi pepala lake umakwera mtengo kuposa mnzake wofanana naye amene anagwirapo ntchito.

Ena chimawakoka ndi luso. Pali chitsulo amachitcha Damascus, wosula amasanjikiza zitsulo zamitundu iwiri, kuotcha, kumenya, kupinda, kuotchanso kumenyanso kambirimbiri, pomaliza nkuviika mu asidi ndiye pamatuluka mizere ngati mafunde a panyanja tsiku la mwera. Ine amene ndimadziwa kutentha kwa pachipala ndikaona mpeni wotere ndimatha nthawi ndikungoutembenuza, kuti ndipalire mamba sindingayerekeze. Ena amatsata mbiri ya kampani, monga Victorinox yomwe Karl Elsener anayambitsa ku Switzerland mu 1884, kapena Opinel ya ku France ya 1890 yomwe mipeni yake ili ndi manambala malinga ndi kukula, munthu akapeza nambala 8 mtima sukhala pansi mpaka apezenso 6 ndi 10.

Zoti mudzagulitsa mokwera musadalire kwambiri, yafeki ndi yambiri pamsika.

Ngati muli nawo wosunga, dziwani kuti chinyezi cha kunyanja kuno nchoopsa kwa chitsulo chosakhala stainless. Upukuteni uume, pakani timafuta pang'ono ta mashini osokera, ndipo osausiya miyezi uli mchimake cha chikopa poti chikopa chimasunga chinyezi. Sandipepa wokhakhala ayi, amafufuta zolemba za pachitsulo zija.

Chimandiwawa ine nchakuti timasirira ya kunja pomwe ya osula athu tikutaya kudzala. Pakati pa Ayao, a fuko la Achisi ankadziwika ndi kusula makasu ndi mipeni kalekale, lero ndi angati akusunga ntchito ya manja ngati imeneyo? Ine ndili ndi mipeni itatu ya mkulu amene anandiphunzitsa, anaisula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, zogwirira zake za mtengo wa mlombwa. Ana anga ndinawauza kale kuti imeneyo isadzapite kukhitchini.