Katemera wa ife ogwira ntchito m'chipatala: mafunso amene anzanga amandifunsa kuno ku Mchinji

Pa chipatala china m'boma lathu lino, mayi wina wochapa zofunda za odwala analasidwa ndi singano yomwe inatsalira m'nsalu ya pabedi. Anayamwa chalacho, n'kuchimanga ndi kansanza, n'kupitiriza kuchapa. Anadzandiuza patapita masiku anayi, chifukwa ankaopa kuti akanena adzaoneka wosasamala. Nditawafunsa ngati anabayitsapo katemera wa hepatitis B, matenda a chiwindi ofala kudzera m'magazi, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Anesi, katemera si wa ana ndi amayi apakati?" Mayiwa agwira ntchito pakati pa magazi ndi mafinya kwa zaka zambiri kuposa ine. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulemba mafunso amene anzanga amafunsa pa nkhaniyi, ndipo mayankho ake ndi awa.

Ndinabayitsa katemera yense ndili mwana, chipsera ndichi paphewa. Si zokwanira kodi?

Chipsera chimenecho n'cha BCG, katemera wa chifuwa chachikulu. Chimangosonyeza kuti amayi anu anapita nanu kusikelo muli khanda. Sichinena kanthu za chikuku kapena za matenda a chiwindi.

Chaka chofunika kuchikumbukira ndi 2002. M'chaka chimenecho dziko la Malawi linayamba kupereka kwa ana katemera wophatikiza matenda asanu, yemwe muli hepatitis B, pa masabata 6, 10 ndi 14. Amene tinabadwa chisanafike chakachi sitinamulandire kusikelo, ngakhale amayi athu akadapanda kujomba tsiku ndi limodzi lomwe. Tayang'anani m'wodi mwanu: azamba akuluakulu, okolopa, alonda, oyendetsa ambulansi, alangizi a zaumoyo amene amabaya ana katemera m'midzi ya kwa Mkanda ndi kwa Zulu. Ambiri anabadwa chisanafike 2002. Kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kachilombo ka hepatitis B mwa akuluakulu 5 pa 100 alionse obadwa katemerayu asanayambe, pamene mwa obadwa atayamba sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100.

Ndi chikuku ndi chimodzimodzi. Kale mwana ankabayidwa kamodzi kokha, pa miyezi 9. Jakisoni wachiwiri analowa m'ndondomeko mu 2015, ndipo wophatikiza ndi rubella, matenda ena a zotupa ofanana ndi chikuku, anabwera mu 2017. Ambirife tinalandira mmodzi, ena sitikudziwa n'komwe, poti kabuku ka kusikelo kanadyedwa ndi chiswe kalekale.

Tonse timaopa HIV tikalasidwa. N'chifukwa chiyani mukukakamira za hepatitis B?

Chifukwa pa singano imodzimodziyo, kachilombo ka hepatitis B ndiye kamalowa mosavuta. Munthu akalasidwa ndi singano ya magazi okhala ndi HIV, mwa anthu 1,000 amene amatenga kachilomboko ndi atatu kapena kuyandikira pamenepo. Singano ikakhala ya munthu amene hepatitis B wachuluka m'magazi mwake, amene angatenge amafika 30 pa 100 ngati alibe katemera. Kachilomboka kamakhalanso ndi moyo m'magazi ouma, patebulo, pa lumo kapena pa machira onyamulira odwala, kwa masiku 7 kapena kuposa.

Choopsa china n'chakuti matendawa sachita phokoso. Ena amachita chikasu m'maso, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, koma ambiri samva kanthu. Munthu wamkulu akatenga, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha, ndipo amene amakhala nako moyo wonse sakwana 5 pa 100. Mwana akatenga kwa mayi ake pobadwa, 9 mwa 10 amakhala nako mpaka kale. Patapita zaka makumi awiri kapena atatu ndi pamene timawaona m'wodi, mimba itatupa ndi madzi, chiwindi chitauma kapena chitagwidwa khansa, achibale akunong'onezana kuti analodzedwa. Ndasamalirapo abambo a zaka zosakwana 40 otere, ndipo mtima umandiwawa ndikaganiza kuti namwino wamkazi wosatetezedwa akhoza kutengera kachilomboka kuntchito n'kukapatsira khanda lake.

Hepatitis C ndi HIV zilibe katemera. Hepatitis B ali naye, ndipo ndi wamphamvu.

Amabayidwa kangati? Ine ndinabayitsa kamodzi tili kusukulu ya unamwino, kenako zinathera pomwepo.

Katatu. Woyamba lero, wachiwiri pakatha mwezi umodzi, wachitatu pakatha miyezi 6 kuchokera pa woyamba uja. Kwa wamkulu amabaya pamnofu wa paphewa, osati pathako, chifukwa pathako pali mafuta ambiri ndipo katemera sagwira bwino.

Ngati munalekeza panjira simuyambiranso. Ngakhale papite zaka, mumapitiriza pomwe munasiyira. Vuto ndi lakuti ambiri timati "ndinabayitsa" tikutanthauza jakisoni mmodzi wa chaka chakutichakuti, pomwe mmodzi sakwanira kuteteza munthu wogwira magazi tsiku ndi tsiku. Mukabayitsa, onetsetsani kuti tsiku lalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, ndipo jambulani tsambalo pa foni. Tikasamutsidwa kuchoka ku Mchinji kupita ku Nsanje, palibe amene adzakumbukire m'malo mwathu.

Kwa amene timasunga katemera mufiriji: wa hepatitis B akaundana ngati ayezi ndiye kuti watha ntchito, ngakhale asungunuke. Asagundane ndi mapaketi oundana m'bokosi lonyamulira.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti katemerayo wagwira m'thupi mwanga?

Pali kuyeza kuwiri kumene anthu amasokoneza. Koyamba ndi HBsAg, komwe kumaona ngati muli ndi kachilomboko. Uku n'kumene amayeza opereka magazi, ndipo kumatheka ndi kachipangizo kotulutsa zotsatira pompopompo. Kwachiwiri ndi anti-HBs, komwe kumaona asilikali amene thupi lapanga chifukwa cha katemera. Kumachitika pakatha mwezi umodzi kapena iwiri kuchokera pa jakisoni wachitatu, ndipo zotsatira zikafika 10 mIU/mL kapena kuposa, ndinu wotetezedwa. Munthu wathanzi amene anafikapo pamlingo umenewu safunika kumabayitsanso, ngakhale asilikaliwo adzatsike patapita zaka, chifukwa thupi limakumbukira.

Mwa akuluakulu athanzi osakwana zaka 40, oposa 9 mwa 10 amatetezedwa akamaliza majakisoni atatu. Kukula, kusuta fodya, kunenepa kwambiri ndi HIV zimachepetsa mwayiwu. Amene sanafike pa 10 amabwerezanso atatu ena n'kuyezanso. Zikakanikabe, ayenera kudziwa kuti alibe chitetezo, kuti tsiku lolasidwa asazengereze.

Achinyamata obadwa kuyambira 2002 amene akubwera kudzaphunzira ntchito m'mawodi mwathu, ambiri analandira atatu aja ali makanda. Akayezedwa n'kupezeka kuti asilikali awo ndi otsika, amabayidwa mmodzi n'kuyezedwanso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri.

Kuyeza kwa anti-HBs sikupezeka pa labu iliyonse. Kukasowa, musaleke kubayitsa podikira. Kubaya munthu amene ali kale ndi chitetezo sikumupweteka. Maganizo anga ndi akuti munthu ayambe wayezetsa HBsAg, chifukwa katemera sachiza amene ali nako kale, ndipo woteroyo akangobayitsa osayezetsa amakhala akuyenda ndi mtima wa mbee chiwindi chikuwonongeka.

Ndikapezeka nako, ntchito yanga yathera pomwepo?

Ayi. Simungapatsire wodwala pomugwira dzanja, pomuyeza kuthamanga kwa magazi kapena podya naye nsima mbale imodzi. Mankhwala a tenofovir, omwe alinso m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, amatsitsa kachilomboka kwambiri, ndipo adokotala ndi amene amaona ngati mukufunika kuyamba kumwa. Amene amachita maopaleshoni olowetsa manja m'kati mwa thupi pafupi ndi mipeni ndi singano ndiwo ayenera kukambirana ndi adokotala za m'mene angagwirire ntchito. Akunyumba kwanu ayezetse, opanda kachilombo abayitse. Mowa usiyeni. Ndipo zotsatira zanu n'zachinsinsi monga za wodwala wina aliyense. Ife a chipatala tili ndi chizolowezi choipa chokambirana matenda a anzathu pa tiyi, ndipo n'chimene chimathawitsa anthu kukayezetsa.

Ndalasidwa usiku, ndili ndekha m'wodi. Nditani?

Sambani pabalapo ndi sopo pa madzi oyenda. Osayamwa, osafinya mwamphamvu, osathirapo jiki kapena kolorini. Magazi akakuthovukirani m'maso kapena m'kamwa, tsukani ndi madzi ambiri. Kenako uzani wamkulu amene ali pa ntchito usiku womwewo, ndipo zilembedwe. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, sayambidwa pakadutsa maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mayi ochapa aja anabwera nthawi imeneyi itadutsa.

Pa hepatitis B, ngati simunabayitse kapena simunamalize, katemera abayidwe msanga, makamaka pasanathe maola 24. Pali jakisoni wina wa asilikali okonzeratu, wotchedwa HBIG, amene amawonjezera chitetezo, koma ndi wodula ndipo sapezeka wamba, n'chifukwa chake kubayitsiratu ngozi isanachitike n'kwabwino. Wodwala amene singanoyo inachokera ayezedwe atapemphedwa bwino, inunso muyezedwe. Munthu amene ali kale ndi hepatitis B akamwa PEP n'kusiya pakatha masiku 28, chiwindi chikhoza kutupa mwadzidzidzi, choncho okupatsani mankhwalawo adziwiretu.

Singano yambiri imatilasa poibwezera chivundikiro, kapena bokosi lotayamo majakisoni likadzaza mpaka pakamwa wina n'kumakankhirabe ndi chala. Ina timaiiwala pabedi, ndipo imakalasa munthu amene sanabaye aliyense.

Chikuku si matenda a ana? Ine ndingatenge bwanji?

Mu 2010 dziko lino linalemba anthu oposa 134,000 odwala chikuku, ndipo oposa 300 anamwalira. Sanali ana okhaokha. Achinyamata ndi akuluakulu analimo. Kachilombo kake kamatsala mumpweya mpaka maola awiri wodwala atatuluka m'chipinda, ndipo mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala naye pafupi, 9 amatenga. Munthu amayamba kupatsira ena masiku anayi zotupa zisanatuluke, akungooneka ngati wa chimfine ndi maso ofiira. Ndiye taganizani namwino wotere akulowa m'chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane, kapena m'wodi ya ana onyentchera. Makanda osakwana miyezi 9 amakhala asanabayidwe, ndipo amadalira ife.

Kuno tili pamalire. Anthu amadutsa pa Mwami kupita ku Chipata ndi kubwerako tsiku lililonse, ena amadzera njira zam'minda kukaona abale, ndipo odwala a mbali zonse ziwiri timawalandira. Chikuku chikabuka tsidya lina, mawa chili pabenchi yathu yodikirira.

Ngati mulibe umboni wolembedwa wa majakisoni awiri, funsani za katemera wa chikuku ndi rubella. Awiri amateteza pafupifupi 97 pa 100. Mawu akuti "agogo amati ndinadwalapo chikuku" musawadalire kwambiri, poti kumudzi zotupa zambiri zimatchedwa chikuku.

Ndili woyembekezera, mnzanga akumwa ma ARV. Tingabayitse?

Wa hepatitis B inde, nonse awiri, ngakhale woyamwitsa. Wa chikuku ndi rubella ndi wa kachilombo kamoyo kofooketsedwa, choncho woyembekezera adikire abereke kaye, ndipo amene wabayitsa adikire mwezi umodzi asanatenge pakati. Rubella ikagwira mayi m'miyezi yoyambirira ya pakati, mwana akhoza kubadwa wosamva, wa ng'ala m'maso kapena wa vuto la mtima, ndiye mzamba wachitsikana ndi bwino atetezedwe nthawi ikadalipo. Amene ali ndi HIV akhoza kubayitsa ngati chitetezo chake sichinatsike kwambiri. Aonane kaye ndi adokotala ake.

Nanga matenda enawa?

Katemera wa kafumbata amene timabaya amayi kusikelo amatetezanso ku diphtheria, matenda a zilonda zotseka kukhosi. Amayi amamupeza akakhala ndi pakati, koma abambo anzathu ambiri anamulandira komaliza ali makanda, ndipo mphamvu yake imatsika ndi zaka. Poliyo tinkati inatha, koma mu February 2022 inapezeka mwa mwana ku Lilongwe patatha zaka 30 isanaoneke m'dziko muno. Katsabola alibe katemera m'ndondomeko ya kusikelo kwathu; ngati simunadwalepo, makamaka muli ndi pakati, nenani kuti asakuikeni posamalira wodwala katsabola kapena mashingozi. BCG sateteza mokwanira munthu wamkulu ku TB ya m'mapapo, choncho tsegulani mawindo, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno cha N95 pomwe ikufunika, ndipo kayezetseni mukakhosomola.

Kodi pali lamulo? Ndipo amene akuyenera kubayidwa ndi ndani?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ogwira ntchito zaumoyo akhale otetezedwa ku hepatitis B, chikuku, rubella, poliyo ndi diphtheria, mwa ena, ndipo kuti izi zichitike munthu asanayambe kukhudzana ndi odwala. Kuno kwathu, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woteteza thanzi la antchito awo, ndipo la Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukuta misozi kwa ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito. Koma ngozi imene sinalembedwe tsiku lomwe inachitika imavuta kuitsimikizira patapita zaka.

Poyambira ndi kwa amene amayang'anira za kapewedwe ka matenda pachipatala panu, kapena kwa woyang'anira katemera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino. Funsani ngati katemera wa akuluakulu alipo ndi tsiku limene angabwere. Akakhala kuti palibe, lembetsani dzina ndipo muzifunsabe pamisonkhano ya m'mawa.

Mu March 2021 katemera wa COVID-19 atafika, ogwira ntchito zaumoyo tinaikidwa patsogolo, ndipo maina analembedwa wodi ndi wodi. Pempho langa kwa amene adzagwire cholembera ulendo wina n'lakuti kaundulayo ayambire kochapira zovala, kotenthera zinyalala ndi kunyumba yachisoni, adzere kwa okolopa ndi ophunzira, kenako afike kwa ife ovala zoyera. Mayi aja anayezetsa, ndipo mwamwayi sanapezeke ndi kachilombo kalikonse. Jakisoni wawo wachitatu ndinawabaya ndine, ndipo tsikulo anabwera ndi anzawo awiri a kochapira, mabuku awo a kuchipatala ali m'manja.