Musandifunsenso za njerwa

Chaka ndi chaka makolo amabwera ndi funso limodzimodzi: "Aphunzitsi, ujeni amene watsegula kalabu ya karate uja ndi katswiri eti? Akuti amaswa njerwa zisanu ndi dzanja." Ndatopa nalo. Njerwa yosapsa bwino ngakhale woumba amaiphwanya ndi chibakera. Lamba wakudanso asakunamizeni, telala aliyense pamsika wa Mangochi akhoza kukusokerani lero lomwe.

Mu karate ya Shotokan imene ndimaphunzitsa, munthu wakhama amatha zaka zitatu kapena zisanu asanafike pa dan yoyamba, mlingo umene amalandirira lamba wakuda, ndipo amachita kuyesedwa ndi akuluakulu, sadzipatsa yekha. Wina akalonjeza mwana wanu lamba wakuda pa miyezi 6 bola mulipiriretu, bwezani ndalama yanu m'thumba. Mufunseni amene anamuphunzitsa, amene anamuyesa, ndi bungwe limene kalabu yake inalembetsa. Ambiri a taekwondo amakhala ndi satifiketi yochokera ku Kukkiwon, likulu la taekwondo ku Seoul m'dziko la South Korea, akuonetseni. Mphunzitsi weniweni sakwiya ndi mafunso otere.

Koma mapepala ndi nkhani yaing'ono. Pitani mukakhale pansi muonerere, kuyambira poyamba mpaka aweruke. Akakukanizani kulowa ati ndi zachinsinsi, mwadziwa kale. Yang'anani pansi pamene anawo akugwera. Onani ngati kamwana ka zaka 10 akukamenyanitsa ndi mnyamata wa ndevu. Kuno mu Okutobala dzuwa lake mukulidziwa. Mphunzitsi woletsa ana kumwa madzi ati akuwalimbitsa mtima ndi woopsa, ndipo wanzeru amachepetsa mphamvu ya masewera mwezi wa Ramadhani pamene ana ena akusala. A judo, imene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882, amayamba ndi kuphunzitsa kagwedwe, kugwetsa mnzako kumabwera pambuyo. Amene akuyambitsa ana kumenyana sabata yoyamba waphunzirira ku video show.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala. Anali wa zaka 13, amaphunzira pa kalabu ina imene inkachitira m'holo ya simenti yopanda choyala chilichonse. Anamutchera mwendo, nagwa chagada, mutu kugunda pansi. Anadzuka ali dzandidzandi. Mphunzitsi wake anangoti, "Mwamuna salira, bwerera." Anabwereradi, namaliza. Kunyumba anadandaula mutu, anamupatsa panado. Usiku anasanza, amayi ake nkumati mwina ndi malungo, tiona kukacha. Kutacha anavuta kudzuka. Bambo ake anandiimbira foni poti amandidziwa, ndipo ndinawauza kuti asadikirenso ngakhale kusamba, apeze galimoto. Anatumizidwa ku Blantyre, madokotala anapeza magazi ataundana mkati mwa chigaza. Moyo anapulumuka, koma dzanja lamanzere silinabwerere mwakale. Chimene chimandiwawa n'chakuti panali akuluakulu angapo m'holomo, ndipo palibe amene anati mwanayu akhale pansi.

Mvetsetsani apa. Magazi akamatuluka mkati mwa mutu, munthu akhoza kuyenda, kuyankhula, kudya nsima, kenako n'kugwa patapita maola. Mwana akamenyetsa mutu, tsiku limenelo masewera atha, ngakhale iye mwini alire kuti ali bwino. Akayamba kusanza, kusinza mosadziwika bwino, kuyankhula zosagwirizana, kukomoka, kapena mutu ukamangokulirakulira kupweteka, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo. Kaya muli ku Makawa, kaya ku Namwera, musadikire minibasi ya m'mawa.

Ndiye pali awa a mangolomera. Ndimamva kuti ena amauza anyamata kuti chibakera sichilemera popanda kutemera m'mikono, ndipo lezala imodzi imazungulira gulu lonse. Imeneyo ndi njira ya HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, mphamvu mulibemo. Omwewo mwana akathyoka chala amangochikoka, kumanga nsanza, ati chipola chokha. Mafupa a mwana amakhala akukula, ndipo likathyokera pafupi ndi mfundo n'kulumikizana mokhota, kuliwongola pambuyo pake ndi ntchito ya opaleshoni. Kakamizani kuti akajambulidwe tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi amene anakubisirani kuti mwana wavulala musamubwezerenso mwanayo.