Mento ya ku Jamaica m'kalasi: ana ayambe ndi manja

Ana ambiri amene ndimawaphunzitsa nyimbo amaidziwa reggae, koma ndikatchula mento amangoyang'anana. Komatu mento ndiyo nyimbo ya kumidzi ya ku Jamaica imene inalambulira njira ska ndi reggae. Inachokera ku maimbidwe a anthu a ku Africa amene anatengedwa ukapolo, osakanikirana ndi magule a azungu monga quadrille, ndipo inayamba kujambulidwa kwambiri ku Kingston, likulu la Jamaica, m'zaka za m'ma 1950, mmodzi mwa ojambula oyambirira ali Stanley Motta.

Mbiriyi ndimaisungira kumapeto, chifukwa mwana amamvetsa msanga chimene manja ake achita kale. Ana amawerenga mokweza kuyambira 1 mpaka 8 mobwerezabwereza, nawomba m'manja pa 1, pa 4 ndi pa 7 pokha. Poyamba zimasokonekera, ena kuwomba pa 5, ena kugwa ndi phwete, koma akasiya kuwerenga n'kuyamba kugwedeza mapewa, mudziwe kuti agwira. Apo ndi pamene gulu lina la ana limalowa ndi maseche, ndipo botolo la pulasitiki lokhala ndi timiyala limakwanira kukhala maseche.

Chida chimene chimawakopa koposa ndi rumba box, bokosi lalikulu lamatabwa lobooledwa kutsogolo, lokhala ndi timalilime tachitsulo pabowopo. Woimba amakhala pamwamba pa bokosilo, n'kumakodola timalilimeto ndi zala kuti titulutse mawu a besi. Mwana amene anaonapo kalimba kapena sansi amaizindikira nthawi yomweyo, ndipo sakhala atalakwa, pakuti zidazi n'zapachibale. Banjo nayo, yomwe imatsogolera nyimbo za mento, si yachilendo kwa anyamata amene amapanga yawo ndi chigubu ndi waya.

Pa mawu a nyimbo mpofunika kusamala. Mento imaimba za moyo wa tsiku ndi tsiku mwanthabwala, koma nyimbo zambiri zakale zili ndi mawu okuluwika okhudza za akuluakulu, choncho mphunzitsi azimve yekha asanaziike pamaso pa ana. Ine ndimakonda kuti ana apeke zawo: mmodzi amayambitsa mzere wonena za minibasi yodzaza kapena mbuzi yolowa m'kalasi, ena onse n'kuvomera ndi mzere umodzi wosasintha. Akatero ndimatulutsa mapu, ndipo amayamba kulimbirana kuloza chilumba cha Jamaica, kumwera kwa Cuba.