Dzanja logwira ulusi ndilo limavuta

Kwa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa anthu kuluka ndi singano ya mbedza, ntchito imene ambiri amaitchula kuti crochet, pafupifupi wophunzira aliyense amafika maso ali pa singano. Funso loyamba limakhala la kagwiridwe, kuti aigwire ngati pensulo kapena ngati mpeni. Njira zonse ziwiri n'zabwino, tengani imene dzanja lanu lamasuka nayo. Kumene kumagona vuto n'ku dzanja linalo, logwira ulusi.

Dzina lakuti crochet linachokera ku Chifalansa, ndipo limatanthauza kambedza kakang'ono. Kusiyana kwake ndi kuluka kwa singano ziwiri n'kwakuti pa singano pamakhala lupu imodzi yokha, kutanthauza kaulusi kozungulira singanoyo, mukamaliza sititchi iliyonse. Kwa woyamba kumene zimenezi n'zopepukitsa mtima, chifukwa mukalakwitsa mumangosolola singano, n'kukoka ulusi mpaka pamene panalakwikapo, n'kuyambanso.

Ulusi uyenera kuyenda pakati pa zala mosatsamwa komanso mosalendewera. Woyamba kumene amaukoka mwamphamvu poopa kuti uthawa, ndiye tcheni chake, mndandanda wa malupu olumikizana umene nsalu imayambirapo, chimathina moti singano imakana kulowa akafika pa mzere woyamba. Atalimbana nacho mphindi khumi, mapewa ali m'mwamba, amayamba kunena kuti alibe luso, pomwe cholakwika n'chaching'ono. Taonani singano yanu. Pafupi ndi mbedza pali khosi lowonda, kenaka pamabwera thunthu lonenepa mofanana. Kukula kwa singano kumene amalemba, monga 4 mm kapena 5 mm, amayeza pa thunthupo. Mukamapanga lupu pakhosi, sititchi iliyonse idzachepa kuposa mmene iyenera kukhalira. Ikankhireni lupuyo pa thunthu musanakole ulusi wina. Ngati tcheni chikuthinabe, chilukeni ndi singano yokulirapo pang'ono, mubwerere ku singano yanu mukayamba mzere woyamba.

Pa zipangizo sindichulutsa mawu. Singano ya 5 mm, ulusi wonenepa pakatikati, wosalala, wa mtundu wowala, ndi sizasi. Pepala lokulunga ulusi nthawi zambiri limanena kukula kwa singano yoyenera. Ulusi wakuda kapena wamanyenje uja muusiye kaye ngakhale utakukopani chotani. Pamwamba pa sititchi iliyonse pamaoneka timaulusi tiwiri tokhala ngati chilembo V, ndipo singano imalowa pansi pa tonse tiwiri. Ulusi wakuda umabisa V ameneyu, ndipo munthu amangobaya mwachimbulimbuli.

Dzanja likazolowera, pamatuluka dandaulo lachiwiri: nsalu imene inayamba yotambalala ikunka niwonda. Mwayamba ndi masititchi 20, pofika mzere wachisanu ndi chimodzi atsala 16. Kawirikawiri wothawa amakhala sititchi yomaliza ya mzere, imene imapendekeka n'kubisala m'mphepete. Werengani masititchi pa mapeto pa mzere uliwonse, ngakhale zikutopetsani. Ine mpaka lero ndimawerenga, ndipo ndimamangirira kaulusi ka mtundu wina pa sititchi yoyamba ndi yomaliza kuti ndisazisowe.

M'mphepete momwemo mulinso nkhani ya tcheni chotembenukira. Musanayambe mzere watsopano mumaluka tcheni chokweza singano kufika pa msinkhu wa sititchi imene ikubwera: chimodzi pa sititchi yaifupi yotchedwa single crochet, zitatu pa yaitali yotchedwa double crochet. Zitatuzi nthawi zambiri zimawerengedwa ngati sititchi yoyamba ya mzere. Mukaiwala zimenezi n'kulukanso pansi pake, mumawonjezera sititchi mzere uliwonse, nsalu n'kuyamba kufutukuka.

Maina awiriwa ali ndi msampha wakewake. Anthu a ku America ndi a ku Britain amagwiritsa ntchito mawu ofanana pa masititchi osiyana. Imene Amereka amati single crochet, ku Britain ndi double crochet, ndipo double crochet ya Amereka ku Britain amati treble. Ndinaonapo wophunzira ataluka chipewa cha khanda chotalika pafupifupi kawiri chifukwa malangizo anali a ku Britain, vidiyo imene ankaonera ili ya ku America. Mukapeza mawu oti single crochet m'malangizo, dziwani kuti ndi a ku America, pakuti a ku Britain satchula sititchi yawo choncho.

Ambiri amafuna kuyamba ndi juzi, ndipo ine ndimawakaniza. Lukani kansalu ka masentimita 10 mbali zonse ndi single crochet yokhayokha, mukayale patebulo muone ngati m'mphepete mwawongoka. Ngati mwakhota, kamasuleni mulukenso ndi ulusi womwewo. Kachitatu kakadzatuluka ndi ngodya zinayi zoongoka, mutha kuyamba double crochet.