Chimandikhalira pachifuwa usiku, kodi ndiwauze amayi?

Mtsikana wina wa Fomu 2 anabwera kuchipatala ndi amayi ake aang'ono, vuto lake mutu. Amayiwo atatuluka kukayankha foni, iye anasendeza mpando n'kutsitsa mawu: "Adokotala, palinso china. Usiku ndimadzuka, koma thupi osadzuka. Ndimaona chinthu chakuda chitaima pakhomo, kenako chimadzandikhalira pachifuwa. Ndikati ndikuwe, mawu osatuluka." Zinali zitamuchitikira kanayi ndipo sanauzeko munthu. Nditamufunsa chifukwa chake, anati, "Kwathu akamva aziti ndi agogo."

Zimene ankafotokozazi ife azachipatala timazidziwa bwino, dzina lake ndi sleep paralysis. Tulo sitiyenda mofanana usiku wonse. Timadutsa m'magawo amene amabwerezabwereza pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo gawo lina, limene akatswiri a ku Chicago analitulukira mu 1953 n'kulitcha REM, ndi lomwe timalota kwambiri. Pa nthawi imeneyi ubongo umamanga minofu ya manja ndi miyendo kuti isagwedezeke. Ndi chitetezo chimenecho. Pakanapanda icho, wolota akuthawa galu bwenzi akudzukadi n'kukagunda khoma. Ndiye nthawi zina maganizo amagalamuka minofu ikadali yomangidwa. Maso akuona denga ndi neti, makutu akumva tambala, koma maloto sanatheretu, choncho amasakanikirana ndi zomwe zili m'chipindamo. Malaya opachika pamsomali amasanduka munthu.

Nanga kulemera kwa pachifuwa? Pa gawo limeneli minofu ya m'nthiti imakhala itapuma, kupuma kumakhala kwapamwambamwamba. Munthu wogwidwa ndi mantha amafuna kukoka mpweya wambiri, chifuwa osamvera, ndiye amamva ngati wina wamukhalira. Mpweya umakhala ukulowa ndithu. Zimatenga masekondi angapo kapena mphindi zochepa, kenako zimatha zokha, ndipo sizipha.

Zimakonda kuyamba pa msinkhu wa mtsikana uja. Kafukufuku wa mu 2011 wophatikiza zotsatira za m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti pafupifupi anthu 8 pa 100 alionse zinawachitikirapo, koma pakati pa ophunzira chiwerengerocho chinafika pa 28. Sindidabwa nazo. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, koma taonani ana athu mayeso a JCE kapena MSCE akayandikira: mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asaodzere, kugona pakati pa usiku, 4 koloko adzuka kale. Amene sakuwerenga ali pa foni m'bulangeti. Kuperewera tulo, nkhawa ndiponso kugona chagada ndi zomwe zimaputa vutoli. Ku Japan amalitcha kanashibari, ku Egypt ambiri amati ndi ziwanda, kuno timati afiti. Thupi ndi limodzimodzi, koma chimene munthu amaona pakhomo ndi chimene anakula akuchiopa.

Tsono poti n'zosaopsa, kodi mwana angokhala chete? Ine ndimati ayi, anene. Chifukwa chachikulu n'chakuti mwana wa zaka 13 sangathe kusiyanitsa yekha vutoli ndi matenda ena a usiku amene amafuna mankhwala, komanso pali zinthu zimene wogona sangazione. Khunyu lina limagwira munthu kutulo kokha. Mwini wake sakumbukira kanthu, amangodzuka lilime litalumidwa cham'mbali, pogona patanyowa, mutu ukuwawa, thupi lonse lili ngati lamenyedwa. Amene amadziwa kuti anauma n'kuyamba kuphiriphitha ndi mng'ono wake wogona naye chipinda chimodzi. Mwana wamkulu akakodzera pogona amachita manyazi, amachapa zofunda mwakabisira, matenda n'kumapitirira chikhalirecho mankhwala ake monga phenobarbitone ndi carbamazepine alipo m'zipatala zathu.

Mphumu nayo imakonda usiku ndi mbandakucha: kutsokomola, chifuwa kulira ngati kamwana ka mphaka, kubanika mpaka kudzuka n'kukhala tsonga. Iyi ikalekereredwa imatha kupha. Thukuta lonyowetsa zofunda usiku uliwonse, pamodzi ndi chifuwa chopitirira milungu iwiri ndi kuonda, timayeza chifuwa chachikulu. Mwana amene zomuumitsa kutulozi zimamuchitikira pafupipafupi, masananso n'kumangogwa tulo m'kalasi ngakhale anagona bwino, nayenso timafuna timuone. Ndipo amene amadzidzimuka mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera, akuganiza kuti akufa, nthawi zambiri pamakhala nkhawa imene wasenza yekha masana.

Pali chinanso chimene ndimafunsa mwana aliyense wotere tikakhala awiri. Kodi chimene chimabweracho chimazimiririka thupi likamasuka, kapena ndi munthu weniweni amene amatsegula chitseko n'kukugwira? Ngati ndi munthu, amenewo si maloto, ndipo wolakwa si mwanayo. Auze wamkulu amene amamukhulupirira, kaya ndi azakhali, aphunzitsi kapena namwino, kapena aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mantha a mtsikana uja sindinawapeputse, chifukwa ndaonapo nkhani ya maloto a mwana ikugawa mudzi, nkhalamba yosalakwa n'kusanduka mdani wa adzukulu ake omwe. Lamulo la zaufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika msanga pamene anthu akwiya. N'chifukwa chake kanenedwe kake n'kofunika. Ndimalangiza ana kuti asankhe masana, pamene amayi akhala pansi akusankha nyemba, osati usiku akadali kunjenjemera. Ayambe ndi za thupi: "Amayi, nthawi zina ndikadzuka thupi limandiuma kwa kanthawi, ndikufuna mundiperekeze kuchipatala." Za chinthu chakuda zibwere pambuyo. Ngati amayi ndi ovuta kuwayamba, alipo achemwali, amalume, kapena ametironi kwa amene ali kusukulu yogonera konko.

Inu makolo, mwana akakuuzani zoterezi musamuseke, ndipo musayambe kuwerenga adani a banja lanu iye akumva. Mufunseni kuti zachitika kangati, amagona nthawi yanji, chikumudetsa nkhawa n'chiyani. Usiku umodzi kapena uwiri mugone pafupi naye mumuone. Kupemphera naye sindiletsa, mwana wodekha mtima amagona bwino, koma mapemphero a usiku wonse pa mwana amene vuto lake ndi kusowa tulo amangowonjezera moto. Akamauma thupi n'kuphiriphitha, akamabanika, kapena akakomoka, musadikire kuti kuche.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti zikamugwira asalimbane nazo. Akumbukire kuti zitha posachedwa, apume pang'onopang'ono, ayese kugwedeza chala chimodzi cha kuphazi. Azigona cham'mbali, nthawi yofanana tsiku lililonse, foni ili patali. Kenako ndinamupempha kuti tiwaitane amayi ake aang'ono aja, ndiwafotokozere ndine. Anazengereza, koma anavomera. Amayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukhala chete kanthawi atagwira chibwano. Ndiye anati, "Adokotala, zimenezi zinkandichitikiranso ine ndili kusekondale. Mpaka lero sindinauzepo munthu."